Mwini Wake wa Nambala 27

Zogwirira za chikwamacho zinali zitayang'ana kunja.

Ndinaziona m'mawa wa Lachinayi, ndisanayatse n'komwe nyali ya pamalo panga. Ine ndikaika chikwama m'kabokosi ndimapindira zogwirira m'kati kuti zisakole odutsa, ndipo chikwama chimenechi ndinachiika choncho masabata atatu m'mbuyomo. Tsiku limenelo zinali zitatulukira panja, zitaimirira bwinobwino, monga chimakhalira chikwama chimene mwini wake ali pafupi kuchinyamula. Ndinazibweza m'kati. Sindinauze munthu.

Ndimagwira ntchito m'sitolo ina yaikulu ku Lilongwe. Dzina lake sinditchula poti ndikadali komweko. Ndi sitolo ya mtundu uja woti mumalowa kukagula mchere n'kutuluka ndi mpando wapulasitiki: mizere ya mashelefu yosatha, mafiriji ong'ung'udza tsiku lonse, ndi matilu asanu ndi atatu ondondozana kulowera kukhomo. Mukapitirira tilu yomaliza, musanafike pamene pamaima mlonda, pali kauntala yanga. Dzina langa ndine Malita, wosunga katundu wa ogula. Ku koleji ndinaphunzira kasungidwe ka mabuku, ndiye mwina sindinapatuke kwambiri.

Ntchito yake ndi iyi. Munthu saloledwa kulowa ndi chikwama. Amandisiyira ine, ndimachiika m'kabokosi kolembedwa nambala, kenako ndimachotsa pamsomali kapulasitiki kofiira kolembedwa nambala yomweyo n'kumupatsa. Kapulasitikiko timangokatcha nambala. Potuluka amabweza nambala, ine n'kubweza chikwama. Lamulo ndi limodzi, ndipo a Makwinja, bwana wa sitoloyi, anandibwerezetsa katatu tsiku loyamba: popanda nambala, palibe katundu. Mtsikana amene ndinalowa m'malo mwake anachotsedwa ntchito chifukwa chomvera chisoni munthu amene ananena kuti wataya nambala, pamene chikwamacho chinali cha wina. Ine ndinali ndikadali pa miyezi itatu yoyesedwa.

Mwini wa chikwama cha m'kabokosi 27 ndimawakumbukira bwino. Anali bambo achikulire, owonda, a malaya oyera otsekedwa mpaka batani la pakhosi. Anavala masilipasi, imodzi yomangidwa ndi kawaya kunsi, moti akamayenda pa matailosi zinkamveka phwa, khwee, phwa, khwee. Chikwama chawo chamizeremizere anandipatsa ndi manja awiri. Ine ndinapereka nambala n'kunena mawu amene ndinkauza aliyense.

“Musataye, bambo. Mukataya simutenga katundu wanu.”

Anaiyang'anitsitsa ngati ndawapatsa mankhwala, kenako anaifumbata.

“Siitayika, mwana wanga.”

Patatha theka la ola anagwa ali pamzere wa tilu yoyamba, basiketi ili m'manja. A Makwinja analamula kuti akweze nyimbo, ndipo bambowo anawatulutsira kukhomo la kuseri kumene magalimoto amatsitsira ufa, kuti ogula asaone. Tinamva kuti anatsirizikira panjira ya kuchipatala. Madzulo amenewo msomali umodzi unatsala wopanda kanthu, kabokosi kamodzi kodzaza.

Panadutsa masiku makumi awiri. Ndiye Lachitatu, tsiku loti mawa lake ndipeza zogwirira zija zitatembenuka, panabwera mayi wina wamfupi, wa duku lakuda.

“Zikomo, mwanawe. Akuti katundu wa anthu amasungidwa pano?”

“Eya, mayi. Nambala muli nayo?”

“Nambalayo ndiye nkhani yake. Ine ndine Nangozo, wa ku Nathenje. Mkazi wa a Kandulu, aja anagwa muno.”

Ndinawapepesa. Anagwedeza mutu mwachangu, monga munthu amene wapepesedwa mokwanira, n'kuloza chikwamacho ndi chibwano. Anati muli jekete ndi nsapato za kutchalitchi, zimene malemu anabwera nazo kutauni kudzakonzetsa.

“Akuchimuna akuti sandisudzula mpaka katundu yense wa malemu aonekere pamphasa. Duku ili sindivula, kwathu sindibwerera, kudimba kwanga mbuzi zikudya mpiru. Alamu anga akuti jekete ndi nsapatozo ndinagulitsa. Jekete la zigamba m'khwapa, angagule ndani? Mwambo auika Lamulungu la sabata yamawa. Zikapanda kuoneka, akuti ndidikire mpaka akolole.”

“Nambala ija, mayi, simunaipeze m'thumba mwawo?”

“Siinali m'thumba. Anaifumbata. Osambitsa anayesa kutambasula zala, zinakana. Ndiye anangoti asiyeni, apite nayo.”

Ndinakaitana a Makwinja. Anatsika, anamvetsera manja ali kumbuyo, mutu utapendekera mwachisoni.

“Pepani kwambiri, mayi, ndi zovutazi. Koma popanda nambala, palibe katundu.”

“Nambalayo ili kumanda, bwana.”

“Ndiye mubwere ndi kalata yochokera kwa mwini wake, yokulolani kutenga.”

A Makwinja anakonza tayi.

“Kapena nambalayo. Ndipo mudziwiretu kuti katundu wosatengedwa sitisunga kupitirira masiku makumi atatu. Loweruka la sabata yamawa m'mawa apita ndi galimoto ya zinyalala.”

Anangozo anawayang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato.

“Chabwino. Ndikawauza.”

Tonse tinaganiza kuti akunena alamu awo.

Lachisanu m'mawa zogwirira zinali zitatulukanso. Ndikuzibweza, ndinamva Rozina akukuwa. Rozina ndi wa pa tilu, wamkulu kwa ine ndi zaka khumi, mayi wa mawu oti akanong'ona ku tilu yoyamba amamveka ku mafiriji. Ine amanditcha Koleji.

“Ndani wasiya basiketi pamalo panga? Koleji, ndiwe? Mabuku ako anakuphunzitsa kusiya zinthu paliponse?”

Basiketiyo inali pansi, kutsogolo kwa tilu yoyamba, pomwe amaima munthu woyamba pamzere. Munali shuga, masamba a tiyi, machesi, buledi ndi sopo wochapira wobiriwira. Zinali zitasanjidwa mwaulemu, zolemera pansi. Pa buledipo panali podinda chala, monga amachitira achikulire pofuna kudziwa ngati ndi walero. Tinazibwezera m'mashelefu.

Loweruka basiketi inali pa tilu yachiwiri. Shuga, tiyi, machesi, buledi wodindidwa chala. Sopo anali wabuluu.

Lamulungu inali pa tilu yachitatu, sopo wobiriwira.

A Makwinja anatiitana tonse tisanatsegule. Anati pali wina akuchita masewera ndi katundu wa kampani. Anati aonera kamera: pansi pakuoneka popanda kanthu, chithunzi chikunjenjemera pang'ono, kenako basiketi ilipo. Anati zimenezi zikusonyeza kuti wochitayo ndi munthu wophunzira. Polankhula mawu amenewa maso awo anali pa ine.

“Malita, ndinaona kuti nkhani ya mayi aja inakukhudza.”

“Pang'ono, bwana.”

“Miyezi yako itatu ikutha mwezi uno, eti?”

“Eya, bwana.”

“Basi. Ndimangokumbukira.”

Masana ake a Chikakuda anasendera ku kauntala yanga. A Chikakuda ndi mlonda wa pakhomo. Ntchito yawo ndi kuona lisiti la aliyense wotuluka n'kulichonga ndi cholembera, ndipo aichita zaka khumi ndi zinayi. Analankhula osandiyang'ana, maso ali kwa ogula.

“Mwana wanga, pakhomo pano aliyense wolowa ndimamuonanso akutuluka. Wakuba, woledzera, wongodzaonera mitengo, onse. Bambo aja ndinawaona akulowa basi.”

“Anatulukira kuseri, a Chikakuda.”

“Anawatulutsira kuseri. Iwo sanatuluke.” Anachonga lisiti la mayi wina n'kubwerera. “Dzulo ndikuzimitsa nyali za kumapeto ndinamva masilipasi ku shelefu ya sopo. Akuyenda pang'ono, kuima. Kubwerera, kuima.”

“Munakaona?”

“Ine anandilemba ntchito ya pakhomo.”

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumvetsera. Sitolo yathu imatseka 7 koloko madzulo. Nyimbo zikazimitsidwa pamatsala kung'ung'udza kwa mafiriji, ndipo m'kati mwa phokoso limenelo khutu limatola zambiri zimene kulibe. Ndinadziuza choncho Lolemba. Lachiwiri ndinadziuzanso choncho, koma mawuwo anali omveka ndithu, kutali, kuseri kwa mizere ya mashelefu. Phwa, khwee. Ndiye zii, nthawi yokwanira kuti munthu awerenge mtengo. Phwa, khwee.

Lachitatu m'mawa tinapeza mapazi. Okolopa amakolopa tikatseka, n'kuimika chikwangwani chachikasu chochenjeza kuti pansi m'ponyowa. Madziwo atauma anasiya zidindo za fumbi lofiira, silipasi imodzi yathunthu, inayo ya kamzere kokanda. Zinachokera ku sopo, kupita ku buledi, kulunjika ku matilu. Zitafika pa chikwangwani chachikasu chija zinakhota, kuchizungulira patali bwinobwino, n'kubwerera m'njira.

Rozina anaima pamenepo manja ali m'chiuno. Kenako anaomba m'manja kamodzi.

“Amayi ine! Munthuyu amawerenga zikwangwani.”

“Ndiye?” anafunsa a Chikakuda.

“Ndiye tikatseka timaika chiyani pa tilu?”

Tonse tinayang'ana. Pa tilu iliyonse panali kachikwangwani kamene amaika madzulo: TATSEKA, PITANI PA INA.

“Amafika pamzere, kudikira usiku wonse, palibe womuthandiza. Kukacha amati, paja alemba kuti pitani pa ina. Mawa lake ali pa inayo.” Rozina anawerenga ndi chala. Basiketi ya tsiku limenelo inali pa tilu yachisanu ndi chimodzi. “Mawa pa seveni. Lachisanu pa eyiti. Nanga akamaliza pa eyiti apita pa ina iti?”

Mmodzimmodzi anatembenuka kuyang'ana kauntala yanga.

“Koleji,” anatero Rozina, “uli ndi mlendo.”

Ndisabise, ndinaganizapo zongopereka chikwamacho kwa Anangozo mwakachetechete. Koma kamera imodzi imayang'ana pa kauntala yanga yokha, ndipo madzulo aliwonse a Makwinja amayerekeza misomali yopanda kanthu ndi mabokosi odzaza. Lachinayi ndinalimba mtima n'kukwera ku ofesi yawo. Ndinali nditakonza mawu panjira yonse ya m'minibasi. Nditafika ndinangoti, “Bwana, za chikwama chija.”

“Nambala yapezeka?”

“Ayi, bwana.”

“Ndiye tikukambirana chiyani? Lero ukapereka kwa wamasiye, mawa tauni yonse ibwera itavala maduku akuda. Tseka chitseko potuluka.”

Ndinatseka chitseko potuluka.

Lachisanu basiketi inali pa tilu yomaliza, mapazi asanu kuchokera pamene ndimaima. Ogwira ntchito anzanga ankandipatsa moni mwaulemu wachilendo. Wina wa ku buledi anandibweretsera sikono osandiuza chifukwa.

Cha m'ma 3 koloko Anangozo anabwera. Sanapemphe kanthu. Anayala chitenje panja, pambali pa khomo, n'kukhala. Anthu atachepa ndinatuluka ndi kapu ya madzi, ndinagwada pambali pawo.

“Mayi, tsiku lija munati mukawauza. Munauza ndani?”

“Eni ake. Nanga ndikanauza ndani? Ndinangolankhula m'nyumba madzulo, monga ndinkachitira ali moyo. Ndinati, a Kandulu, mwandisiyira mlandu. Nambala ya eni mwapita nayo, ine ndikunyozeka kuno.”

“Tsiku limene anabwera kuno, munawatuma kanthu?”

“Shuga, tiyi, machesi, buledi. Ndi sopo.”

“Wamtundu wanji?”

“Nawonso anandifunsa choncho, wobiriwira kapena wabuluu. Ndinati mukaona konko.” Anamwa madzi, n'kundiyang'ana pamwamba pa kapu. “Afika eti?”

Ndinawauza za basiketi, za matilu, za mapazi ozungulira chikwangwani. Sanadzidzimuke. Anapumira m'mwamba ngati munthu amene wamva nkhani yomwe akuidziwa kale.

“Ndi omwewo. Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndakhala nawo. Ukawauza kuti dikirani apa, ukabwere mawa uwapeza pomwepo. Sangapite kukatenga zawo asanagule zimene ndinawatuma. Sabata yathunthu pamzere! Mwanawe, pamalo pakopo umaikanso chikwangwani chija?”

“Ndimaika.”

“Ukaika lero adzaima pomwepo mpaka kuche, nambala ili m'manja.”

Ine ndinatenga kapu n'kubwerera. Kukacha kunali Loweruka, tsiku la galimoto ya zinyalala. Ndinaganizanso za mawu aja, musataye, mukataya simutenga. Ndinkawanena mwina kazana pa tsiku, osayang'ana n'komwe nkhope ya munthu. Mmodzi yekha anawamva onse.

Itakwana 7 koloko nyimbo zinazima. A pa matilu anaika zikwangwani zawo n'kutuluka mothamanga, ena osavula n'komwe yunifolomu. Chikwangwani changa ndinachigwira m'manja kanthawi, kenako ndinachiika pansi pa kauntala chozondoka. Ndinaima pamalo panga, manja pamwamba pa kauntala, monga ndimaimira masana.

Rozina anafika pakhomo, anayang'ana m'mbuyo, anatukwana chapansipansi n'kubwerera.

“Usaganize kuti ndikukuperekeza, Koleji. Ndikungofuna ndione mmene munthu wophunzira amakomokera.”

Anadzaima kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri moti ndinkamva mpweya wake pakhosi.

A Chikakuda anatsitsa chitsulo cha pakhomo mpaka theka n'kuchisiya pomwepo. Anangozo anasendera, anakhala pakhomo penipeni chakunja, miyendo itatambasulidwa. A Makwinja anali ku ofesi yawo kumwamba.

Tinadikira. Nyali za kumapeto zinali zozimitsa, ndipo mizere ya mashelefu inkalowera mumdima ngati tinjira ta m'munda wa chimanga. Mafiriji ankang'ung'udza. Kwinakwake paketi inakhwekhwereza, monga imachitira munthu akaitola n'kuibweza.

Ndiye magetsi anazima.

Kuzima kwa magetsi si nkhani kwa munthu wa ku Lilongwe. Jenereta yathu imafuna munthu akailize kuseri, ndipo tinamva a Makwinja akutsika masitepe a kumbuyo akudandaula. Chitseko chinamenyeka. Mafiriji anakhala chete, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti chiyambire ntchito ndinali ndisanamvepo sitoloyo ili chete. Munali mdima wa ndiweyani. Kuwala kochepa kunkachokera pansi pa chitsulo cha pakhomo, koma sikunkafika pa kauntala.

Phwa, khwee.

Zala za Rozina zinalowa m'mkono mwanga.

Phwa, khwee. Phwa, khwee. Mosafulumira. Mapaziwo anadutsa kutsogolo kwa matilu, akuima pang'ono pa iliyonse, mwina poona ngati yatsegulidwa. Anafika pa yomaliza. Anaima nthawi yaitali. Rozina anayamba pemphero, koma anasokoneza n'kulowa m'pemphero la chakudya.

Phwa, khwee.

Fungo linayamba kufika, la dothi lokumbidwa kumene, losakanikirana ndi la sopo. Kutsogolo kwanga mdima unali wothithikana kuposa kwina konse, wamsinkhu wa munthu. Sindinganene zoposa pamenepo. Ndinamva basiketi ikuikidwa pansi mosamala.

Panalibe chinachitika. Ankangodikira. Ndinazindikira kuti akudikira ine.

“Takulandirani, bambo,” ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sitandade wani. “Pano tatsegula.”

Basiketi inakhwekhwerezeka pang'ono, ngati munthu akuisuntha ndi phazi, osadziwa chochita nayo.

“A Kandulu!” Mawu a Anangozo anachokera pakhomo, okwera, a mayi woitana mwamuna wake kumunda. “Za shugazo zisiyeni. Anthu anabweretsa wambiri pamaliro panu, mpaka pano tikumwa. Sopo ndinagula ndekha. Perekani nambala ya eniyo tizipita, mwachedwetsa ana a anthu.”

Panapita kanthawi. Kenako pa kauntala panamveka kaphokoso kakang'ono, thapu, ka pulasitiki yogunda thabwa.

Ndinapapasa. Inali yozizira, yonyowa, ya timiyala m'mphepete. Ndi chala ndinamva 2 ndi 7. Manja anga anadziwa okha chochita, poti ntchito imeneyi safunira nzeru. Ndinatembenuka, ndinakoleka nambala pamsomali wake, ndinatulutsa chikwama n'kuchiika pa kauntala, zogwirira zitaloza kunja.

“Katundu wanu, bambo. Zikomo posunga nambala.”

Dzanja langa linali likadali pa chikwamacho pamene chinapepuka n'kuchoka.

Phwa, khwee. Phwa, khwee. Kulowera kukhomo. Ndinamva Rozina akutulutsa mpweya umene anaugwira kwa nthawi yaitali. Mapaziwo anafika pamene pamaima mlonda. Ndiye mumdimamo munamveka kachitsekero ka cholembera kakuchotsedwa, ndi mawu a a Chikakuda, aulemu, otuluka okha monga atulukira kwa zaka khumi ndi zinayi.

“Lisiti, bambo.”

Mapazi anaima.

Palibe anapuma.

Phwa. Khwee. Anatembenuka. Phwa, khwee, kubwerera ku matilu.

“A Chikakuda, mwapenga?” Rozina anakuwa. “Mukufuna ayambirenso pa tilu wani?”

“Pepani, pakamwa pangothamanga!”

“Abwezeni msanga!”

“Bambo! Akuluakulu! Bwererani!” Tinamva a Chikakuda akugunda chitsulo ndi mutu. “Munthu wosagula kanthu sitifunsa lisiti. Ndi lamulo limenelo, lilipo ndithu, linalembedwa. Dutsani, bambo, njira ndi iyi. Muyende bwino. Mudzabwerenso.”

“Asadzabwerenso!”

“Musadzabwerenso, bambo, zikomo kwambiri.”

Mapaziwo anazengereza, monga munthu wofuna kutsimikiza kuti sakulakwira aliyense. Kenako anabwerera. Anadutsa pa kauntala yanga, anadutsa a Chikakuda. Kuwala kwa pansi pa chitsulo kunatsekeka pang'ono n'kubwereranso.

Kuseri jenereta inatsokomola kawiri n'kulira. Nyali zinayaka, mafiriji anayambiranso nyimbo yawo.

A Chikakuda anali ataima njo, akuchitira sawasha khoma, chipewa chitagwa pansi. Rozina anali atakhala pansi kumbuyo kwanga, nsapato imodzi kulibe. Kutsogolo kwa kauntala kunali basiketi: shuga, tiyi, machesi, buledi, ndi sopo awiri, wobiriwira ndi wabuluu.

Ndinawerama kusuzumira pansi pa chitsulo. Anangozo anali ataimirira, chikwama chili pamutu, akupinda chitenje chawo. Anatsegula zipi pang'ono ndi dzanja limodzi, anapapasa m'kati n'kutseka.

“Zikomo, mwanawe,” anatero. Kenako anatembenukira pambali pawo, pomwe panalibe munthu. “Tiyeni. Minibasi zikatha musandiyang'ane ine.”

Anadutsa pakati pa malo oimika magalimoto akulankhula, osafulumira. Ankayenda chakumsewu, kusiya mpata kumbali ya mpanda.

Loweruka ndinafika 7 koloko m'mawa monga mwa masiku onse. Pa matilu panalibe basiketi. Pansi panali poyera. Galimoto ya zinyalala inabwera, inatenga makatoni n'kupita.

A Makwinja anatsika atanyamula thumba lakuda loti aikemo chikwama chija. Anapeza kabokosi kopanda kanthu. Nkhope yawo inayamba kusintha, ndiye ndinaloza msomali. Anachotsa nambalayo, anaitembenuza, anakanda ndi chikhadabo dothi lofiira limene linali litauma m'mizere ya 2 ndi 7.

“Anabweretsa ndani?”

“Mwini wake, bwana.”

“Waona? Ndinanena ine. Munthu ukamuumirira, nambala imapezeka.” Anandibwezera. “Uitsuke. Za miyezi yako itatu ija ubwere Lolemba udzasaine. Ndimafuna anthu otsata lamulo ngati iwe.”

Rozina anapempha kuti amusamutsire ku tilu ya pakati. Buledi wodindidwa chala uja anagula a Chikakuda n'kumwera tiyi, akuti anasankha ndi munthu wodziwa buledi. Ine ndinatsuka nambala ndi sopo n'kuikoleka.

Titatsegula, woyamba kufika pa kauntala yanga anali agogo ena aakazi, a kathumba komanga ndi chingwe. Anandipatsa ndi manja awiri. Ndinawapatsa nambala wani. Anaiyang'anitsitsa, zala zikuyamba kupindika.

Ndinasuzumira ku ofesi ya kumwamba, kenako ndinawerama pang'ono.

“Ingoikani m'thumba, agogo. Ikatayika tidzaona chochita.”